Galimoto yotulutsa madzi ku ekizozi: mmene Hyundai Nexo inapangidwira

Makaniko akaona madzi akudontha pansi pa galimoto imene yangoima kumene, maganizo ake amathamangira ku rediyeta kapena ku payipi imene yang'ambika. Koma pali galimoto zina zimene madziwo sasonyeza vuto lililonse. Ndiwo utsi wake. Galimoto zimenezi zimayendera mpweya wa haidrojeni, ndipo pa zonse zamtundu wa SUV, zija zazitali msana zokhala ndi chitseko kumbuyo, yodziwika kwambiri ndi Nexo ya kampani ya Hyundai ya ku South Korea.

Hyundai inaonetsa Nexo koyamba mu Januwale 2018 pa chionetsero cha zaluso cha CES ku Las Vegas. Sinali galimoto yake yoyamba ya haidrojeni. Kuyambira mu 2013, fakitale yake ya ku Ulsan inkapanga Tucson ix35 Fuel Cell, koma imeneyo inali galimoto ya petulo imene anaichotsa injini n'kuipanikizamo zipangizo zatsopano paliponse pamene panapezeka mpata. Nexo anaijambula kuyambira pachiyambi akudziwa kuti idzanyamula haidrojeni. N'chifukwa chake ndi yabwino kuphunzirirapo: pafupifupi chilichonse pa thupi lake, kuyambira kukula kwa mphuno mpaka kukwera kwa mpando wakumbuyo, chili choncho chifukwa cha khalidwe la mpweya umenewu.

Palibe chimene chikuyaka

Ambiri akamva kuti galimoto imayendera haidrojeni amaganiza kuti mpweyawo umapsa mu injini ngati mmene petulo amapsera. Injini zotero zilipo, Toyota imayesa ina pa mipikisano ya liwiro ku Japan, koma Nexo si yotero. Mulibe mapisitoni, mulibe mapulagi, mulibe oyilo wa injini woti muzisintha. Pa Nexo ya 2018, matayala akutsogolo amazunguzidwa ndi mota ya magetsi ya mphamvu ya makilowati (kW) 120, ndipo giya ndi imodzi yokha. Kunena zoona, Nexo ndi galimoto ya magetsi ngati Nissan Leaf kapena Tesla. Kusiyana kwake n'kwakuti Leaf imatenga magetsi pakhoma n'kuwasunga mu batire lalikulu, pamene Nexo imapanga magetsi ake ili pamsewu. Imayenda itanyamula jenereta yakeyake, jenereta yopanda phokoso ndi utsi, imene dzina lake ndi fuel cell.

Mukatsegula boneti mupeza bokosi lachitsulo pamalo pamene pamakhala injini. M'bokosimo muli timaselo 440 topyapyala tosanjikizana ngati buledi wodulidwa kale. Selo iliyonse ili ndi zipinda ziwiri zolekanitsidwa ndi kansalu ka pulasitiki kopyapyala kuposa pepala. Mbali imodzi kumalowa haidrojeni wochokera m'matanki, mbali inayo kumalowa mpweya wamba wakunja umene uli ndi okosijeni. Kansaluko mbali zonse ziwiri n'kopakidwa fumbi la pulatinamu.

Ntchito ya pulatinamu ndi kuphwanya haidrojeni. Atomu ya haidrojeni ndi yosavuta kuposa ina iliyonse: pulotoni imodzi ndi elekitironi imodzi basi. Ikakhudza pulatinamu, ziwirizi zimalekana. Zonse zimafuna kukafika kwa okosijeni tsidya linalo, koma kansalu kaja kali ndi tsankho. Kamalola mapulotoni okha kudutsa, maelekitironi kamawabweza. Ndiye maelekitironiwo, poti njira yachidule yawatsekera, amazungulira kudzera m'mawaya, ndipo kuyenda kwawo m'mawayamo ndiye magetsi amene akuzunguza mota. Akafika tsidya linalo amakumananso ndi mapulotoni aja pamodzi ndi okosijeni, n'kupanga madzi. Nkhani yonse ndi imeneyi. Selo imodzi imatulutsa mphamvu yosakwana volti imodzi, yochepa kuposa ya batire la mu tochi, koma zikalumikizana 440 zimafika pa 95 kW.

Nzeruyi si ya dzulo. William Grove, loya wa ku Wales amene ankakonda za sayansi, anaionetsa mu 1839, galimoto isanabadwe n'komwe. Zombo za Apollo zimene zinapita kumwezi zinkapeza magetsi m'njira yomweyi, ndipo anthu a m'zombozo ankamwa madzi otuluka mu fuel cell. Mu 1966 kampani ya General Motors inapanga kaveni koyesera kotchedwa Electrovan, koma zipangizo zinadzaza kumbuyo konse moti munatsala malo a anthu awiri okha. Zaka zonse zapitazi akatswiri akhala akulimbana ndi kuchepetsa kukula, kulemera ndi mtengo wa chinthu chimene chinkadziwika kale kuti chimagwira ntchito.

Madzi amene amatuluka si ochepa. Kilogalamu imodzi ya haidrojeni imabala madzi okwana malita pafupifupi 9, ndiye matanki a Nexo akatha onse amakhala atulutsa malita oposa 55, pafupifupi zigubu zitatu za malita 20. Ambiri amatuluka ngati nthunzi, ena amadontha. Toyota Mirai, mnzake wa Nexo amene ndi saluni, ili ndi batani lolembedwa H2O loti dalaivala akhuthule madziwo panja asanalowe m'galaja, kuti asanyowetse simenti.

Fuel cell ndi chinthu chosachedwa kudandaula, ndipo zipangizo zambiri pansi pa boneti zilipo kuti ziziisamalira. Imafuna mpweya wambiri, ndiye pali kompuresa youkankhira mkati. Kaphokoso kolira ngati mluzu kamene mumamva mukaponda moto kamachokera pamenepo. Mpweyawo uyenera kukhala woyera, chifukwa fumbi ndi salufa zimaononga pulatinamu, ndiye umadutsa m'masefa angapo. Hyundai inatenga chofunikira chimenechi n'kuchisandutsa malonda: imati galimotoyi imachotsa 99.9 peresenti ya tifumbi tosaoneka ndi maso mu mpweya umene yakoka, ndipo pa sikirini imakuonetsani kuchuluka kwa mpweya umene "mwayeretsa" pa ulendo wanu. N'zoona kuti mpweyawo umatuluka woyera kuposa mmene unalowera, koma tisanamizane, sefayo anaiikira kuteteza pulatinamu, osati mapapo a anthu a mu Seoul.

Kansalu kaja nako kamagwira ntchito kakakhala konyowa. Kakauma, mapulotoni sadutsa. Kakanyowa kwambiri, madzi amatseka njira za mpweya. Ndiye pali chipangizo chotenga chinyezi ku mpweya wotuluka n'kuchibwezera ku wolowa. Kumaiko ozizira madzi otsalira m'maselo akhoza kuundana usiku n'kung'amba zinthu, choncho mukazimitsa galimoto imatha kupitiriza kupuma kwa kanthawi, ikudziumitsa mkati. Hyundai imati Nexo imalira ngakhale kuzizira kutafika pa madigiri 30 pansi pa ziro.

Ndiye pali kutentha. Injini ya petulo imatentha kwambiri, koma gawo lalikulu la kutenthako limathawira ku ekizozi. Fuel cell imagwira ntchito pa madigiri pafupifupi 80 okha, ndipo kutentha kwake pafupifupi konse kuyenera kuchoka kudzera mu rediyeta. Kuziziritsa chinthu chimene sichinatenthe kwambiri kuposa mpweya wakunja kumafuna rediyeta yaikulu. Apa ndi pamene mungasiyanitsire galimoto ya haidrojeni ndi ya batire mutaima patali: Tesla ili ndi mphuno yotseka, yosalala, pamene Nexo ili ndi kamwa lalikulu lokokera mphepo. Madzi a mu rediyetamo nawonso si oti mungathire a pampopi. Amadutsa pakati pa maselo amene ali ndi magetsi, ndiye ayenera kukhala osadutsa magetsi, ndipo ali ndi sefa yawoyawo imene imasinthidwa pa sevisi.

Batire lilimo, koma laling'ono, la 1.56 kWh (kWh ndi yuniti ija ya pa mita ya magetsi), losasiyana kwambiri kukula ndi la mu Toyota Prius. Fuel cell imakonda kugwira ntchito mofatsa, siyankha msanga mukaponda moto mwadzidzidzi kuti mupitirire lole, ndiye batire ndilo limathandizira pa mphindi imeneyo. Limasunganso magetsi amene mota imabweza mukamatsika phiri kapena mukagwira mabuleki. Pulagi yotchajira kulibe. Haidrojeni akatha, galimoto yaima.

Mutu wa nkhani ndi matanki

Kuti mumvetse chifukwa chake makampani ambiri amasankha thupi la SUV, muyenera kudziwa chinthu chimodzi chokhudza haidrojeni: ndi wamphamvu kwambiri mukamuyeza pa sikelo, koma ndi wopanda pake mukamuyeza ndi ndowa. Kilogalamu imodzi ili ndi mphamvu yokwana 33 kWh, yofanana ndi ya malita pafupifupi anayi a petulo. Koma kilogalamu imodzi yomweyo, mukaisiya osaipanikiza, imadzaza malo okwana malita 11,000. Nexo ya 2018 imanyamula makilogalamu 6.33. Mpweya umenewo mutaumasula ungadzaze mathankala awiri a mafuta aja amayenda pamsewu.

Ndiye amaupanikiza. M'matanki a Nexo mpweya umakhala pa 700 bar. Kuti muone kukula kwa nambala imeneyi, tayala la galimoto yaing'ono limapopedwa pa 2 bar ndi pang'ono, ndipo silinda ya gasi wophikira sifika n'komwe pa 10 bar tsiku wamba. Ngakhale ataupanikiza choncho, makilogalamu 6.33 amafunabe malo okwana malita 156.6, ndipo mphamvu imene ili m'menemo ndi yofanana ndi ya malita 24 okha a petulo. Chodabwitsa n'chakuti ndi mphamvu yochepayo galimoto imayenda makilomita 666 malinga ndi muyeso wa ku Ulaya wa WLTP, kapena 611 malinga ndi muyeso wa ku America umene ndi wokhwimirapo. Ndi mtunda ngati wochoka ku Lilongwe kupita ku Blantyre n'kubwerera. Zimatheka chifukwa fuel cell imasandutsa magetsi mpaka 60 peresenti ya mphamvu ya mpweyawo, pamene injini ya petulo imataya yoposa theka, nthawi zambiri magawo awiri mwa atatu, ngati kutentha chabe.

Thanki ya petulo mukhoza kuiumba mmene mukufunira, kuipinda kuti izungulire ekiselo kapena ilowe pansi pa mpando. Thanki ya 700 bar ilibe ufulu umenewo. Iyenera kukhala yobulungira ngati mgolo, yokhala ndi mitu yozungulira, chifukwa pangodya paliponse ndi pamene ingaphulikire. Mkati mwake muli pulasitiki yoletsa mpweya kuthawa, poti haidrojeni ndi wochepetsetsa moti amalowerera ngakhale m'zitsulo zina n'kuzifooketsa. Kunja kwake amakulungako ulusi wa kaboni kambirimbiri mpaka khoma litakhuthala masentimita angapo. Matanki a Nexo pamodzi amalemera makilogalamu oposa 100. Taganizirani: chotengera cha makilogalamu 100 chosungira katundu wa makilogalamu 6.

Migolo yotere siibisika m'galimoto yaifupi. Mu Tucson ya 2013 munali matanki awiri osiyana kukula, ndipo yaikuluyo inkadya malo a katundu kumbuyo. Pa Nexo akatswiri anagawa mpweyawo m'matanki atatu ofanana, iliyonse ya malita 52.2, ogonekedwa chopingasa: awiri pansi pa mpando wakumbuyo, imodzi kuseri kwa ekiselo pansi pa buti. Matanki atatu ang'onoang'ono ndi ochepa m'mimba kuposa imodzi yaikulu, ndiye pansi pa buti panakhala posalala, mipando yakumbuyo imapindika bwinobwino, ndipo malo a katundu anatsala malita 461. Kupanga matanki ofanana kunatsitsanso mtengo, chifukwa fakitale imaumba chinthu chimodzi katatu. Kwa ine, apa ndi pamene pali luso lenileni la galimotoyi, osati pa magetsi okongola akutsogolo. Munthu amene wakhala kumbuyo sadziwa kuti wakhalira chiyani. Mu Toyota Mirai ya 2020, imene ndi yaifupi msana, thanki ina inagonekedwa motalika pakati pa galimoto, ndipo wokhala pakati kumbuyo amaimva ndi miyendo yake.

Musanyengeke ndi dzina loti SUV. Nexo ndi yaitali mamita 4.67, imalemera makilogalamu oposa 1,800, imakoka ndi matayala akutsogolo okha, ndipo siinatalikire pansi. Si Land Cruiser. Kutalika msana kwake ndi kopezera malo matanki ndi miyendo ya anthu, osati kokwerera mapiri kapena kuolokera mitsinje.

Kumwetsa kumatenga mphindi pafupifupi 5, ndipo apa ndi pamene haidrojeni amaposa batire. Pampu yake imaoneka ngati ya petulo, koma mlomo wake umakoleka pa galimoto n'kutsekeka mosalola mpweya kuthawa. Galimoto ndi pampu zimalankhulana kudzera m'kuwala kosaoneka ndi maso kotchedwa infrared, galimoto ikuuza pampu kutentha ndi kupanikizika kwa m'matanki. Mpweya ukamakankhidwa mothamanga choncho umatentha, ndipo matanki saloledwa kupitirira madigiri 85, ndiye siteshoni imayamba yauziziritsa mpaka madigiri 40 pansi pa ziro. Tsiku la chinyezi, galimoto zikamwera motsatizana, mlomo wa pampu umatha kuundana n'kukakamira pa galimoto, dalaivala n'kumadikira kuti usungunuke.

Nanga ikachita ngozi?

Funso limeneli silichedwa kubwera, ndipo si lopusa. Haidrojeni amayaka mosavuta, akangokwana 4 peresenti mu mpweya wamba, ndipo kamoto kochepa kwambiri kamakwanira. Lawi lake silioneka bwino masana. Alibe fungo, ndipo simungamuthire mankhwala onunkha aja amathira mu gasi wophikira, chifukwa ambiri mwa mankhwalawo ali ndi salufa amene amapha pulatinamu. Mphuno ya munthu ilibe ntchito apa. M'malo mwake galimoto ili ndi tizipangizo tonunkhiza mpweyawu pafupi ndi matanki ndi pansi pa boneti, ndipo tikamva kuti ukuthawa, mavalavu a pa matanki amatseka okha. Amatsekanso galimoto ikagundidwa.

Komanso haidrojeni ali ndi khalidwe limodzi lomukomera. Ndi wopepuka kuwirikiza ka 14 kuposa mpweya wamba, ndiye akathawa amakwera kumwamba nthawi yomweyo, pamene petulo amayenderera pansi pa galimoto n'kuyakira pomwepo. Thanki iliyonse ili ndi valavu imene imatseguka yokha kutentha kukafika pa madigiri pafupifupi 110, kuti galimoto ikagwira moto mpweya utuluke usanaphulitse thanki. Choopsa chenicheni chili m'malo otsekeka, monga galaja yopanda mazenera, mmene mpweya ungaunjikane kudenga. Matankiwo amayesedwa powaotcha, kuwagwetsa ndi kuwaombera ndi mfuti. Mu 2018 Nexo inakhala galimoto yoyamba ya haidrojeni kupeza nyenyezi zonse zisanu pa mayeso a ngozi a ku Ulaya otchedwa Euro NCAP.

Ngozi zimene zadziwika kwambiri zachitikira kunja kwa galimoto. Mu Meyi 2019 thanki yosungira haidrojeni inaphulika pamalo ofufuzira ku Gangneung ku South Korea, anthu awiri n'kumwalira. Mwezi wotsatira siteshoni ina inaphulika ku Sandvika pafupi ndi Oslo ku Norway, ndipo Toyota ndi Hyundai zinayamba zaimitsa kugulitsa galimoto zawo za haidrojeni m'dzikomo chifukwa masiteshoni ena anatsekedwa.

Za m'kati sizifuna mawu ambiri, chifukwa zambiri mungazipezenso m'galimoto zina zodula. Zogwirira zitseko zimabisala m'thupi n'kutuluka mukayandikira. Giya imasankhidwa ndi mabatani. Pakati pa dalaivala ndi mnzake pali thebulo lokwera lodzaza mabatani ochuluka mwina kuposa mmene munthu angafunire. Mukayatsa indiketa, kamera ya m'mbali imaonetsa pa dashibodi zimene zili pamalo paja galasi silionetsa, ndipo galimoto imatha kudzilowetsa yokha pamalo oimikapo inu mutatsika, mutagwira batani la pa kiyi. Poyenda ndi yachete ndi yofatsa. Kuchoka pa ziro kufika pa makilomita 100 pa ola imatenga masekondi opitirira 9. Anthu ayesa kuona kuti ingafike pati ndi matanki odzaza kamodzi. Mu 2019 Bertrand Piccard wa ku Switzerland anayenda nayo makilomita 778 ku France, ndipo mu 2021 Brendan Reeves, dalaivala wa mipikisano wa ku Australia, anayenda makilomita 887.5 kuchokera ku Melbourne kulowera ku Broken Hill.

Mu Epulo 2025 Hyundai inaonetsa Nexo yachiwiri pa chionetsero cha galimoto cha Seoul Mobility Show ku South Korea. Thupi lake ndi la makona, mota inakwera kufika pa 150 kW, matanki amanyamula makilogalamu 6.69, ndipo mtunda pa muyeso wa WLTP unafika pa makilomita 826. Anaikamonso soketi yoti mulumikizepo zipangizo za m'nyumba, ndiye galimotoyo imasanduka jenereta magetsi akazima. Makampani ena anadzera njira zina. Honda CR-V e:FCEV, imene inayamba kupangidwa mu 2024 ku Marysville m'chigawo cha Ohio, ili ndi haidrojeni wochepa, makilogalamu 4.3, koma ili ndi batire la 17.7 kWh lotchajidwa pakhoma, lokwanira makilomita pafupifupi 47. Pamenepa zili ngati Honda inangovomera kuti mwini galimoto sangadalire siteshoni tsiku lililonse. BMW inapanga iX5 Hydrogen zosakwana 100 zongoyesera, pogwiritsa ntchito maselo ochokera ku Toyota, ndipo inalengeza kuti idzayamba kugulitsa galimoto ya haidrojeni mu 2028.

Vuto lili kunja kwa galimoto

Ngati galimotoyi ndi yabwino chotere, bwanji siili paliponse? Poyamba ndi mtengo. Ku Britain Nexo inkagulitsidwa pafupifupi mapaundi 70,000. Kwawo ku South Korea, kumene zambiri zinagulidwa, boma ndi makhonsolo ankalipira pafupifupi theka la mtengo. Ngakhale ndi thandizo limenelo, zitagulidwa zoposa 10,000 mu 2022, chaka chotsatira chiwerengerocho chinatsika ndi kuposa theka.

Koma chachikulu ndi pomwera. Siteshoni imodzi ya haidrojeni imadya madola oposa miliyoni imodzi kuti imangidwe, chifukwa imafuna makompuresa amphamvu, zoziziritsira ndi matanki akeake, ndipo zipangizozi zimaonongeka kawirikawiri. Wamalonda safuna kumanga siteshoni pamene galimoto zili zochepa, wogula naye safuna galimoto yopanda pomwera, ndiye aliyense akuyang'ana mnzake. Ku America masiteshoni a anthu wamba pafupifupi onse ali ku California, ndipo mu 2024 anali makumi asanu ndi pang'ono chabe. Mu Febuluwale 2024 kampani ya Shell inatseka masiteshoni ake a galimoto zazing'ono kumeneko, itatseka kale a ku Britain mu 2022. Mtengo ku California unakwera mpaka madola 36 pa kilogalamu mu 2023, kutanthauza madola oposa 220 kuti mudzaze Nexo. Ngakhale ku Korea komweko, mu Novembala 2023 makina opangira haidrojeni ataonongeka pa fakitale ya zitsulo ku Dangjin, eni galimoto anaima pa mizere kwa maola ambiri. Amene anagonapo pa filing'i siteshoni kudikira thankala safunika kumufotokozera mmene zimakhalira, koma wa petulo amatha kupita ndi chigubu kwina. Haidrojeni wa 700 bar sanyamulidwa m'chigubu.

Kenako pali funso la kumene mpweyawo umachokera. Haidrojeni ali paliponse, m'madzi, m'zomera, mu gasi, koma nthawi zonse amakhala womangika ndi zinthu zina, ndipo kumumasula kumafuna mphamvu. Pafupifupi haidrojeni yense amene dziko lapansi likupanga lero amachokera ku gasi wa pansi pa nthaka ndi malasha. Akachokera ku gasi, kilogalamu iliyonse imasiya makilogalamu 9 mpaka 10 a mpweya wa kaboni umene ukutenthetsa dziko. Ndiye madzi oyera aja akudontha ku ekizozi akhoza kukhala chikomekome cha nkhuyu, utsi unatsalira ku fakitale.

Njira yoyera ilipo: kudutsitsa magetsi a dzuwa, mphepo kapena madzi m'madzi kuti alekane kukhala haidrojeni ndi okosijeni. Koma apa masamu ndi amene amavuta. Kupanga kilogalamu imodzi kumadya magetsi okwana 50 mpaka 55 kWh, osawerengera opanikizira, oziziritsira ndi onyamulira. Nexo imadya pafupifupi kilogalamu imodzi pa makilomita 100. Galimoto ya batire ya msinkhu womwewo imayenda makilomita 100 omwewo ndi magetsi osapitirira 20 kWh kwenikweni. Kutanthauza kuti magetsi oyendetsa Nexo imodzi akhoza kuyendetsa galimoto za batire ziwiri, mwinanso zitatu. Mu 2018 yankho linali lakuti batire silifika patali ndipo limachedwa kudzaza. Kuyambira pamenepo mabatire atsika mtengo, ambiri akuyenda makilomita oposa 400, ndipo matchaja amphamvu amadzaza gawo lalikulu la batire pa theka la ola. Mpata umene haidrojeni ankadalira pa galimoto za banja wachepa kwambiri. Mu Julayi 2025 kampani ya Stellantis, mwini wa Peugeot, Citroën ndi Opel, inasiya ntchito yake ya maveni a haidrojeni.

Kumene nzeruyi ikuoneka kuti ili ndi malo ndi pa zolemera: malole, mabasi, makina a m'migodi, zimene zimayenda tsiku lonse, zimabwerera pamalo amodzi madzulo, ndipo batire lokwanira likhoza kudya gawo la katundu. Siteshoni imodzi pa depoti imakwanira gulu lonse. Malole a Hyundai Xcient amene anayamba kugwira ntchito ku Switzerland mu 2020 ankayendera mabokosi awiri a fuel cell ofanana ndi la mu Nexo. Mwina ntchito yaikulu ya SUV imeneyi inali yomweyo, kukulitsa mtima umene unakathera m'chifuwa cha lole.

Chigawo chathu cha kumwera kwa Africa chimalowa m'nkhaniyi kudzera pansi pa nthaka. Galimoto ya fuel cell imafuna pulatinamu wokwana magalamu makumi angapo, pamene kasefa ka utsi ka mu ekizozi ya galimoto wamba kamafuna magalamu ochepa chabe a zitsulo za mtundu umenewu, ndipo ya batire sifuna n'komwe. South Africa imakumba pafupifupi 70 peresenti ya pulatinamu wa dziko lonse, ndipo Zimbabwe ili pa nambala yachitatu ndi migodi ya Zimplats, Mimosa ndi Unki. Dziko lapansi likasamukira ku batire, migodi imeneyi itaya msika waukulu; likasankha haidrojeni, ipeza wina. N'chifukwa chake mu Meyi 2022 kampani ya migodi ya Anglo American inaonetsa chilole cha mumgodi choyendera haidrojeni ku Mogalakwena m'chigawo cha Limpopo, ndipo mu 2023 inagwirizana ndi BMW ndi kampani ya mafuta ya Sasol kuyesa iX5 Hydrogen m'misewu ya ku South Africa. Amene ali ndi abale ogwira ntchito m'migodi ya ku Rustenburg, mkangano wa batire ndi haidrojeni ukuwakhudza ngakhale asanaionepo galimotoyo.

Njira ina imene galimoto zotere zingatifikire ndi ya makaunjika a ku Japan. Pa masamba a intaneti ogulitsa galimoto zogwiritsidwapo kale ntchito mumapezeka Toyota Mirai zooneka bwino, zoyenda makilomita ochepa, chiwongolero chili kumanja ngati zathu, mtengo wake wotsika modabwitsa poyerekeza ndi mmene inagulidwira ili yatsopano. Kutsikako kuli ndi chifukwa chake. Matanki a haidrojeni ali ndi tsiku lothera ntchito, nthawi zambiri zaka 15 kuchokera pamene anapangidwa, ndipo Mirai zoyamba zinatuluka kumapeto kwa 2014. Ndiponso kuchokera padoko la Dar es Salaam mpaka pachipata cha Songwe, kapena kuchokera ku Beira mpaka ku Mwanza, palibe pampu ngakhale imodzi imene ingakoleke pa mlomo wa thanki imeneyo. Mpweya umene yatsika nawo m'sitima ukatha, ulendo wotsalawo idzayenda itakwera pamsana pa lole ya dizilo.